Kuchokera ku Nkula kufika ku Golomoti: mbiri ya magetsi athu

Kwa zaka zambiri, magetsi oyendetsa chigayo ku Lizulu kapena oyatsa babu pa Dedza boma akhala akuchokera kutali, ku mtsinje wa Shire. Ntchito ya Dedza ndi Ntcheu inali kungopereka malo odutsa nthambo. Ngakhale nthambo zikuluzikulu za 400 kV zochokera ku Phombeya m'boma la Balaka, zomwe zidamalizidwa mu 2018, zimangotidutsa pamutu pa ulendo wa ku Nkhoma.

Nzeru yopangira magetsiwa idatulukira ku London mu 1831. Batire linalipo kale, Alessandro Volta adalipanga mu 1800, koma linkatha msanga. Michael Faraday, mwana wa munthu wosula zitsulo, ndiye adapeza kuti ukamayendetsa maginito pafupi ndi waya wokulunga, m'wayamo mumayenda magetsi, ndipo ukangoima nawonso amaleka. Amene adapalasapo njinga ya dayinamo usiku akuidziwa nkhaniyi: kamutu ka dayinamo kamakhudza tayala n'kumazungulira, ukapalasa mwamphamvu nyali imawala, ukafika pachitunda imayamba kuphethira. Makina a ku Nkula ndi omwewo, kungoti opalasa wake ndi madzi.

Chotsala chinali kupeza chozungulitsa. Thomas Edison adagwiritsa ntchito malasha ndi nthunzi ku New York mu 1882, koma magetsi ake sankapita patali. Njira ya Nikola Tesla ndi George Westinghouse, yokweza mphamvu ndi thiransifoma, ndiyo idatheketsa kuti mu 1896 magetsi a pa mathithi a Niagara akafike mumzinda wa Buffalo. Popanda njira imeneyi, madzi a m'Shire sakadayatsa babu ku Dedza.

Kwathu kuno, Nkula A idayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24. Tedzani idatsatira mu 1973, kenaka Nkula B, ndipo Kapichira idabwera mu 2000. Zonsezi zili pamtsinje umodzi, motsatizana. Kunena zoona, nzeru yake inalipo, chifukwa pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinjewu umatsetsereka kwambiri, koma dziko lonse lidasanduka kapolo wa Shire. Akale ankadziwa kuti ndi mtsinje wosadalirika: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja idatsika moti madzi adaleka kutulukira m'Shire. N'chifukwa chake chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde chidamangidwa mu 1965, Nkula isanatsegulidwe. Nyanja itatsikanso mu 2016 ndi 2017, ometa ndi owotcherera ankadikirira magetsi mpaka pakati pa usiku, ndipo dziko lidachita kubwereka majenereta a dizilo.

Pamenepa ife a ku Ntcheu tisamangoloza chala. Mtsinje wa Rivirivi umachokera kwathu n'kukathira m'Shire kumtunda kwa Nkula. Mitengo ikatha m'mapiri chifukwa cha makala, dothi la m'minda limakokoloka ndi mvula yoyamba, madzi n'kufiira, ndipo matopewo amakadzaza padamu pomwe makina amamwera madzi. Kuonjeza apo pali namasupuni ndi zinyalala zina zotseka zosefera. Thumba la makala la pamsewu wa M1 ndi kuthimathima kwa magetsi n'zapachibale.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kutayika usiku umodzi. Chaka chomwecho Dedza idayamba kupanga magetsi akeake. Kumunsi kwa Khwekhwerere, kuchigwa chotentha cha Golomoti komwe anthu a pa boma amangotuluka thukuta akatsikirako, kampani za JCM Power ndi InfraCo Africa zidayala masola a mamegawati 20. Kumeneko kulibe madzi kapena maginito ozungulira monga mwa Faraday; kuwala kwa dzuwa kukagwa pagalasi, magetsi amatuluka. Adaikanso mabatire akuluakulu otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri, oti azithandiza mtambo ukaphimba dzuwa komanso madzulo.

Komabe magetsi a ku Golomoti si a anthu a ku Golomoti okha. Amagulitsidwa ku ESCOM n'kulowa m'nthambo za dziko lonse, kusakanikirana ndi ochokera ku makina a EGENCO, choncho Shire ikadwala, Dedza imathimabe limodzi ndi Blantyre.