Khutu linamva koma mtima unakana: zimene zinachitika ku Israel mu 1973

Mukatchula mawu akuti kazitape, ambiri kuno kwathu amaganiza za munthu wa magalasi akuda amene wakhala pakona m'bala ndi botolo limodzi usiku wonse, khutu lili tcheru. Achikulire amakumbukira a Special Branch a nthawi ya Kamuzu, masiku amene munthu unkayamba wacheuka usanatchule dzina la mtsogoleri. Komatu gawo lalikulu la ukazitape wa dziko limachitikira pa desiki. Ndi anthu owerenga, kufananitsa, kutsutsana ndi kulemba malipoti a masamba awiri oti pulezidenti awerenge m'mawa. Ndipo pomwe mayiko amagwera m'dzenje kawirikawiri ndi pa desiki pomwepo, osati m'bala muja.

Nkhani zachinsinsi zimabwera m'njira zingapo. Pali za m'kamwa mwa anthu: mlembi wa nduna, msilikali wokhumudwa, wamalonda woyendayenda. Pali zotolera m'mafoni, m'mawailesi a asilikali ndi pa intaneti, ntchito imene ku Britain imagwiridwa ndi GCHQ ya ku Cheltenham, ku America ndi NSA. Pali zithunzi zojambula kuchokera m'ndege ndi m'masetilaiti. Kenako pali zopezeka poyera, m'nyuzipepala, m'zolankhula za atsogoleri, ngakhale m'mitengo ya mafuta, zomwe anthu amazipeputsa koma ndiye zimadzaza mafayilo ambiri. Mayiko ambiri amagawanso ntchito: bungwe lina loyang'ana kunja, lina loyang'ana m'kati, lina la asilikali. Ku Britain MI6 ndi ya kunja, MI5 ndi ya m'kati. Ku Israel ya kunja ndi Mossad, ya m'kati ndi Shin Bet, ya asilikali ndi Aman.

Zonsezi n'kusonkhanitsa chabe, ngati kukolola chimanga. Chimanga cha m'nkhokwe sinsima. Pamafunika wina wopuntha, kupeta ndi kusefa, amene amafunsa kuti wanena izi ndani, adationapo kale, akufuna chiyani, ndipo zikugwirizana ndi zomwe ena anena kapena ayi. Uyu ndiye wosanthula. Pofuna kuona mmene ntchito yake imaonongekera, palibe chitsanzo choposa cha Israel mu Okutobala 1973.

Atapambana nkhondo ya masiku 6 mu 1967, Israel analanda chipululu cha Sinai kwa Egypt ndi mapiri a Golan kwa Syria. Aliyense ankadziwa kuti mayiko awiriwa adzafuna kubweza. Funso linali lakuti liti. Akuluakulu a Aman, motsogozedwa ndi Eli Zeira, anali ndi yankho lomwe pambuyo pake linatchuka ndi dzina lakuti Konseptzia. Ganizoli linali ndi miyendo iwiri. Woyamba: Egypt sangayambe nkhondo asanapeze ndege zankhondo zotha kukaphulitsa mabwalo a ndege m'kati mwa Israel. Wachiwiri: Syria sangamenye yekha popanda Egypt. Tisaliseke ganizoli, chifukwa silinachokere kumutu. Linatsamira pa zikalata zenizeni zochokera ku Cairo, ndipo panthawi ina linali loona. Vuto n'lakuti Anwar Sadat, pulezidenti wa Egypt, anasintha maganizo. Anaona kuti safunika kugonjetsa Israel yense, kungooloka ngalande ya Suez, kutenga kachigawo kochepa pansi pa mthunzi wa mizinga yake yogwetsera ndege, kenako n'kusiyira andale. Sadat anasintha, Konseptzia inatsala pomwepo.

Chinailimbitsa kwambiri ndi zomwe zinachitika mu Meyi 1973. Asilikali a Egypt anasonkhana, akuluakulu ena ku Israel anachita mantha, dziko linaononga ndalama zambiri pokonzekera, koma nkhondo sinabwere. Zeira anali atanena kuti sibwera. Munthu akalondola kamodzi pamaso pa anzake onse, ulendo wotsatira palibe amene amalimba mtima kumutsutsa, ndipo iye mwini amasiya kudzikayikira.

Tsopano taonani zomwe zinafika pa desiki m'masabata awiri omaliza. Pa 25 Seputembala, Mfumu Hussein ya ku Jordan inapita mwachinsinsi ku Israel kukaonana ndi nduna yayikulu Golda Meir, n'kumuchenjeza kuti asilikali a Syria aima mokonzekera kuukira. Zithunzi za m'ndege zinaonetsa akasinja, mizinga ndi zida zoyalira milatho zitaunjikana m'mbali mwa Suez. Pa 4 ndi 5 Okutobala, Soviet Union inayamba kutulutsa mabanja a alangizi ake ku Egypt ndi ku Syria mothamanga. Chilichonse mwa izi chinapatsidwa tanthauzo lake loziziritsa mtima. Za Egypt ankati ndi masewera a asilikali a chaka ndi chaka. Za Syria ankati akuopa kuti Israel awamenya, popeza pa 13 Seputembala ndege zawo zoposa 10 zinali zitagwetsedwa pa mkangano wa m'mlengalenga. Za a Soviet ankati mwina ayambana ndi Aluya.

Apa ndi pamene ndimafuna owerenga aimirire pang'ono. Tanthauzo lililonse palokha linali lomveka. Koma wosanthula wabwino sawerenga mfundo imodziimodzi ngati akutola mtedza. Amafunsa kuti, kodi ndi nkhani iti imodzi yomwe ingafotokoze zonsezi pamodzi? Ukapeza kuti ukufunika zifukwa zitatu zosiyana kuti uteteze ganizo lako lakale, pamene chifukwa chimodzi chokha, nkhondo, chikufotokoza zonse, ndiye kuti ganizo lako ndi limene ladwala.

Panali mnyamata wina amene anafunsa funso limeneli. Benjamin Siman-Tov anali ofesala wamng'ono wa zaukazitape ku chigawo cha kum'mwera. Pa 1 ndi pa 3 Okutobala analemba kuti masewera a Egypt aja ndi chophimba chabe, nkhondo ili pakhomo. Bwana wake sanapititse malipotiwo kutsogolo. A Egypt nawonso sanagone pa ntchito yopusitsa: analengeza kuti asilikali ena abwerera kwawo, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti maofesala ofuna kupita ku Mecca alembetse. Bodza labwino silipanga chikhulupiriro chatsopano mwa mdani, limangothirira chomwe chamera kale.

Chomwe chinagwedeza Israel pomaliza chinali munthu mmodzi. Ashraf Marwan anali mkamwini wa Gamal Abdel Nasser, pulezidenti wakale wa Egypt, komanso wothandizira wapafupi wa Sadat, ndipo ankapereka nkhani ku Mossad. Usiku wa pa 5 Okutobala anakumana ndi mkulu wa Mossad, Zvi Zamir, ku London, n'kumuuza kuti nkhondo iyamba mawa lake dzuwa likamalowa. Uthengawu unafika ku Israel m'bandakucha. Nkhondo inayamba cha m'ma 2 koloko masana pa 6 Okutobala, tsiku la Yom Kippur, lopatulika kwambiri kwa Ayuda, asilikali a Israel oitanidwa kuchokera kunyumba kwawo akadali m'njira. A Egypt anagumula makoma a mchenga a m'mbali mwa Suez ndi mapaipi a madzi amphamvu n'kuoloka. Pomatha nkhondo Israel anali atabweza adani ake, koma anataya asilikali oposa 2,500, chiwerengero chachikulu kwa dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni panthawiyo.

Za Marwan anthu akutsutsanabe. Zeira ankati anali kazitape wa mbali ziwiri wotumidwa ndi Sadat kuti asocheretse, Zamir ankati anali wokhulupirika. Mwiniwake sangayankhe, poti anafa mu Juni 2007 atagwa kuchokera pakhonde la nyumba yake yosanja ku London. Ichi ndi chifukwa chake a ntchitoyi amapereka magiredi awiri pa lipoti lililonse, limodzi la munthu wonenayo, lina la nkhani yanenedwayo. Munthu wodalirika akhoza kubweretsa nkhani yolakwika, ndipo wabodza lamkunkhuniza tsiku lina amanena zoona.

Komiti yofufuza ya Agranat, yomwe boma la Israel linakhazikitsa nkhondo itatha, inatulutsa lipoti lake loyamba mu Epulo 1974. Inati Zeira ndi mkulu wa asilikali David Elazar achoke. Andale inawasiya, koma anthu anakwiya ndipo Golda Meir anatula pansi udindo mwezi womwewo. Mfundo yaikulu ya komitiyi inali yakuti dziko lisamadalire bungwe limodzi posanthula, choncho Mossad ndi unduna wa zakunja analimbitsa nthambi zawo zofufuza. Mu Aman anakhazikitsa kagulu kotchedwa Ipcha Mistabra, mawu a Chiaramu otanthauza kuti mwina zoona n'zosemphana ndi izo. Ntchito yake ndi kutsutsa dala chilichonse chomwe akuluakulu agwirizana. Ena amadabwa kuti boma lingalipire bwanji munthu kuti azingotsutsa, koma ine ndimaona kuti ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi maliro 2,500.

Pali kanthu kenanso kooneka kakang'ono: mawu. Mpaka pa 5 Okutobala, Aman inkalemba kuti mwayi wa nkhondo ndi wochepa. Wochepa bwanji? Sherman Kent wa ku CIA, bungwe la ukazitape la America, anakumana ndi vuto lomweli mu 1951. Lipoti lina linati pali kuthekera kwakukulu kwakuti Yugoslavia iukiridwa chaka chimenecho. Atafunsa anzake omwe analemba nawo lipotilo kuti ankatanthauza chiyani, mayankho anachokera pa 20 mpaka 80 pa 100 alionse. Anthu a m'chipinda chimodzi, chiganizo chimodzi. Lero mabungwe ambiri ali ndi ndandanda yosonyeza kuti liwu lililonse likuimira manambala ati, kuti mtsogoleri asamve zomwe mtima wake ukufuna.

Kodi mankhwalawa anachiza? Pa 7 Okutobala 2023, patatha zaka 50 ndi tsiku limodzi, Hamas, gulu la Apalestina lomwe linkalamulira Gaza, inagumula mpanda wa Gaza n'kupha anthu pafupifupi 1,200. Atsikana a usilikali oyang'anira makamera a m'malire, ngati a ku Nahal Oz, anali atanena kwa miyezi kuti akuona zigawenga zikuyeserera kuukira. Chikalata cha pulani ya Hamas chinali m'manja mwa Aman kwa nthawi yoposa chaka. Ganizo la akuluakulu linali lakuti Hamas yaopsezedwa mokwanira ndipo ikufuna bata ndi ndalama. Mu Epulo 2024, Aharon Haliva, amene anakhala pa mpando womwe unali wa Zeira, analemba kalata yotula pansi udindo.