Malamulo a fizikisi amene mitsempha, mapapo ndi impso zimatsatira

Nambala ziwiri zimene namwino amalemba akayeza BP, monga 120 ndi 80, zimasonyeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha kuchokera m'kati. Komabe khoma la mtsempha silivutika ndi mphamvu yokankhayo yokha ayi, chifukwa kukula kwa mtsemphawo nakonso kuli ndi mbali yake. Lamulo lofotokoza zimenezi limadziwika ndi dzina la katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, amene analilemba mu 1806, ndipo limati kukokeka kwa khoma la chubu kumapezeka pochulukitsa mphamvu yokankha ndi mtunda wochokera pakati pa chubucho kufika pakhoma.

Aliyense amene anauzirapo chibaluni chachitali amadziwa kuti mbali imene yafufuma imalimba gwa, pamene kunsonga kosafufuma kumakhala kofewa, chikhalirecho mpweya wa m'katimo ukukankha mofanana paliponse. Mtsempha waukulu wotuluka mu mtima, wotchedwa aorta, ukamadutsa m'mimba umakhala pafupifupi masentimita 2 mulifupi mwake. Khoma lake likafooka pamalo ena n'kutupa, kutupako kumawonjezera kukokeka, kukokekako kumawonjezera kutupa, ndipo zinthu zimapitirira motero mpaka khomalo likhoza kung'ambika. Ichi ndicho chifukwa chake madokotala amayeza chotupacho mobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amalangiza opaleshoni chikafika masentimita 5.5 ngakhale wodwalayo sakumva ululu uliwonse. Timitsempha tating'onoting'ono kwambiri, timene khoma lake ndi mzere umodzi wokha wa maselo, sitiphulika, pakuti kuchepa kwake n'kumene kumatiteteza.

Pa nkhani ya kupuma, choyamba kudziwa n'chakuti mapapo sakoka mpweya paokha. Robert Boyle anasonyeza mu 1662 kuti mpweya ukapatsidwa malo aakulu mphamvu yake yokankha imatsika. Mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba ukatsikira pansi, nthiti n'kutukuka, m'chifuwa mumakula ndipo mphamvu ya m'mapapo imatsika pang'ono chabe poyerekeza ndi ya kunja, motero mpweya wokwana pafupifupi theka la lita umalowa wokha. Bala loboola chifuwa limasokoneza zimenezi, chifukwa mpweya umalowera pabalapo n'kuzungulira papo, ndipo papolo limafota.

Chochititsa chidwi kwambiri, m'kuona kwanga, chili m'timatumba ta mpweya timene tili m'mapapo, tokwana mamiliyoni mazanamazana. M'kati mwa kathumba kalikonse ndi monyowa, ndipo madzi amakokana okhaokha ngati akufuna kukatseka. Malinga ndi lamulo lomwe lija la Laplace, kathumba kakachepa m'pamene pamafunika mphamvu yochuluka kuti kakhalebe kotseguka, kotero kuti timatumba tikanamafota nthawi iliyonse munthu akatulutsa mpweya. Chimene chimaletsa zimenezi ndi timadzi ta mafuta totchedwa surfactant, timene mapapo amapanga kuti tichepetse kukokana kwa madziwo. Mu 1959 Mary Ellen Avery ndi Jere Mead anasonyeza kuti ana obadwa masiku asanakwane amene ankamwalira ndi vuto la kupuma analibe timadziti tokwanira. Mwana wotere amapuma mofulumira, khungu la pakati pa nthiti likulowa m'kati, ndipo amabuula potulutsa mpweya. Kubuulako si kulira, koma ndi njira yotsekera pakhosi pang'ono kuti mpweya wina utsale ndi kugwira timatumba tija tisatsekeke. Makina othandiza kupuma otchedwa CPAP amagwira ntchito yomweyo pomupatsa mpweya wokankha mosalekeza.

Impso nazo zimadalira mphamvu yokankha ya magazi. Zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a magazi amene mtima umapopa, ndipo iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku zimasefa madzi okwana malita 180 kapena kuyandikira pamenepo, koma pafupifupi onse zimawabwezera m'magazi, ndipo otsala ngati mkodzo amangokhala lita imodzi ndi theka. Munthu akataya magazi ambiri kapena akatsekula m'mimba kwambiri, mphamvu yosefera imagwa ndipo mkodzo umachepa kapena kusiyiratu, ndiye chifukwa chake anamwino amayeza mkodzo wa wodwala wa kayakaya mosamala chonchija.

Pofuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito, achipatala amafunsa kuti ndi madzi a m'magazi ochuluka bwanji amene ayeretsedwa kotheratu pa mphindi imodzi. Amagwiritsa ntchito creatinine, chinthu chimene minofu imatulutsa tsiku ndi tsiku pamlingo wosasinthasintha, chimenenso impso zimasefa osachibweza. Tiyerekeze kuti mkodzo ukutuluka mililita 1 pa mphindi, ndipo creatinine wa m'mililita imeneyo ndi wochuluka ka 125 kuposa wa m'mililita imodzi ya madzi a m'magazi. Ndiye kuti creatinine ameneyu wachokera m'mamililita 125, ndipo umenewo ndiwo mlingo wa munthu wachinyamata wathanzi. Shuga amasefedwanso, koma mwa munthu wabwinobwino amabwezedwa yense, motero yankho lake limakhala 0.

Masamu amenewa ali ndi chenjezo limene anthu ambiri olandira zotsatira za magazi salidziwa. Popeza minofu imatulutsa creatinine wofanana tsiku lililonse, kusefa kukatsika ndi theka, creatinine wa m'magazi amakwera kawiri. Munthu amene anali pa 0.6 mg/dL (mamiligiramu a creatinine pa mamililita 100 a magazi) akafika pa 1.2, nambalayo ingaoneke yosadetsa nkhawa papepala, komatu impso zake zataya theka la mphamvu yake. Zimenezi zimachitika makamaka kwa okalamba ndi anthu owonda, amene minofu yawo ndi yochepa, ndipo n'chifukwa chake dokotala amawerengera zaka za wodwalayo, amaona ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndiponso amafunsa zotsatira zakale asanasankhe mlingo wa mankhwala amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso.