Mtengo wa impso yoikidwa sudziwika pa tsiku la opaleshoni

Anthu akamva kuti chipatala china chimaika impso pa mtengo wotsika kuposa chinzake, amafulumira kuchiyamikira. Ife amene timawerengera ndalama za m'zipatala sitiyankha msanga, chifukwa bilu imene wodwala amalandira imasiyana ndi ndalama zimene chipatala chawonongadi. Kuti tipeze zenizeni, timawerenga masiku amene wodwala wagona m'chipinda cha odwala mwakayakaya, maola a opaleshoni, magazi amene wapatsidwa, zoyeza za ku labu ndi mankhwala, kenako n'kuika mtengo pa chilichonse.

Ku America nkhani imeneyi aisanthula kwa nthawi yaitali. Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo, inayamba kulipirira odwala impso potsatira lamulo la 1972, ndipo mu 1983 inayamba kulipira zipatala ndalama yokhazikika pa gulu lililonse la matenda, njira yotchedwa DRG imene inakonzedwa ku yunivesite ya Yale. Komabe ndalama zopezera impsoyo, monga kuyeza ngati wopereka ndi wolandira akugwirizana, kuichotsa ndi kuinyamula, zimalipiridwa padera. Choncho woyerekeza zipatala ziwiri ayenera kufunsa kaye ngati ndalama zimenezi zili m'kati mwa chiwerengero kapena ayi.

Chachikulu kuposa apa ndi mtundu wa odwala. Impso ya munthu wamoyo kawirikawiri imayamba kutulutsa mkodzo wodwala asanachoke m'chipinda cha opaleshoni, pamene ya munthu womwalira, makamaka ikakhalitsa mu ayezi, imatha kuchedwa kudzuka, moti wodwala amabwerera pa makina a dialysis, otsuka magazi m'malo mwa impso, m'sabata yoyamba ndipo amagona m'chipatala masiku ochuluka. Chipatala chimene chimalandira okalamba, odwala shuga ndi oikidwa impso kachiwiri chidzaoneka chodula ngakhale chikugwira ntchito bwino. Chinanso chimatha kuoneka chotsika mtengo chifukwa chotulutsa odwala msanga, koma iwo n'kubwereranso mwezi usanathe, ndipo n'chifukwa chake kugonekedwanso kumawerengedwa limodzi.

Nthawi yowerengera ndalamazi nayonso iyenera kutalika. Chaka choyamba cha impso yoikidwa chimadya ndalama zambiri kuposa chaka cha dialysis, koma zaka zotsatira zimatsika kwambiri, pamene wa dialysis amafunikabe makina katatu pa sabata, pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse. Phindu limeneli limadalira mankhwala oletsa thupi kukana impso, monga tacrolimus, amene amamwedwa tsiku ndi tsiku. Kwa zaka zambiri Medicare inkasiya kulipirira mankhwalawa pakatha miyezi 36 chichitikire opaleshoni kwa odwala ambiri osafika zaka 65, mpaka mu January 2023 pamene zinasintha. Ndimaona kuti kumeneko kunali kuwerengera kopereŵera, chifukwa impso ikafa kaamba kosowa mankhwala, wodwala amabwerera ku dialysis, imene Medicare yomweyo imalipira.

Amalawi amene amapita ku India kukaikidwa impso ayenera kufunsa mafunso omwewa. Mtengo umene chipatala chatchula ufunika kuunikidwa ngati ukuphatikiza opaleshoni ya wachibale wopereka impso, ulendo wa pandege, malo ogona a womudikirira, ndiponso amene adzagule mankhwala ndi kulipira kuyezetsa magazi wodwala akabwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre.