Okana Kugwira Mfuti Sanali Amantha

Anthu ambiri akhala akuganiza kuti amuna amene ankakana usilikali chifukwa cha chikumbumtima, monga a mpingo wa Quaker, anali amantha ongofuna kubisala kunyumba. Zimenezi si zoona. Mu 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba, a Quaker a ku Britain anakhazikitsa gulu la ma ambulansi lotchedwa Friends' Ambulance Unit, ndipo anyamata ake ankanyamula asilikali ovulala ku France ndi ku Belgium, mabomba akuphulika pafupi, iwo alibe chida m'manja.

Ku America, kuyambira 1941 mpaka 1947, amuna pafupifupi 12,000, omwe ambiri sanali a Quaker n'komwe, anagwira ntchito za Civilian Public Service (ntchito zothandiza anthu zomwe okana usilikali ankapatsidwa m'malo mopita ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse) popanda malipiro a boma. Ena ankadumphira m'nkhalango zoyaka ndi parachuti kukazimitsa moto, ena ankasamalira odwala misala, ndipo 36 anavomera kumanidwa chakudya ku Minnesota kuti madokotala adziwe mothandizira anthu ofooka ndi njala ku Ulaya.