Jenda ndi zachilengedwe zimakumana pa mafuwa

Pa nkhani yodziwa zinthu, achinyamata a masiku ano musawaderere ayi. Ine ntchito yanga ndi yaulangizi wa zankhalango, ndiye nthawi zambiri ndimakhala nawo m'makalabu a achinyamata komanso m'masukulu, ndipo mwana wa fomu 2 pa CDSS lero akhoza kukuuzani bwinobwino kuti zolinga za chitukuko zomwe mayiko anagwirizana ku United Nations mu 2015 zilipo 17, kuti zikuyenera kutheka pofika 2030, kuti nambala 5 ndi ya jenda ndipo nambala 13 ndi ya kusintha kwa nyengo. Ena mpaka amatchula Malawi 2063, ndondomeko ya masomphenya a chitukuko cha dziko lino ija inakhazikitsidwa mu 2021. Mukafunsa kuti ndani akugwirizana nazo, manja onse m'mwamba, anyamata ndi atsikana omwe.

Chomwe chimandivuta ine ndi choti ambiri amaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana. Zachilengedwe ndiye kudzala mitengo tsiku la mwambo mutavala tisheti, jenda ndiye za atsikana ndi amabungwe basi. Koma pakhomo ndi nkhani imodzi, ndipo pomwe imakumana ndi pa mafuwa pomwe pamaphikidwa nsima.

Chitukuko chokhazikika tanthauzo lake silovuta, ndi kugwiritsa ntchito zomwe tili nazo lero mosawamana obwera m'mbuyo mwathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka anali ana osafika zaka 18, ndiye obwera m'mbuyowo si anthu akutali, ali kale m'kalasi ndipo ena ali kuphiri pano ndi chikwanje. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti nyumba zolumikizidwa ku magetsi zinali 11 zokha pa 100 zilizonse, ndipo mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Tsono nkhunizo sizibwera zokha.

Tiyeni tiyitsate bwino nkhaniyi chifukwa anthu amalumpha masitepe. Mitengo ikatha pafupi ndi mudzi, mtunda wokatola nkhuni umatalika. Wotola nkhuni m'makomo ambiri ndi mayi ndi mwana wake wamkazi, yemweyonso ndi wa chidebe cha madzi, ndipo phiri likakhala mbee madzi a mvula salowa pansi amangothamanga, ndiye pofika Okutobala chitsime chapafupi chaphwa, mzere pa mjigo watalika. Mtsikana uja afika mochedwa kusukulu, apatsidwa chibalo, mawa ajomba, madzulo nthawi yowerenga palibe chifukwa akuphika ndi kutsuka mbale pomwe mchimwene wake ali ku mpira kapena ku vidiyo. Teremu yachitatu walephera, abwereza kalasi. Akabwereza kawiri mupeza ali ndi zaka 15 koma ali sitandade 6, wakula thupi, tiana tam'kalasi tikumuseka, ndiye atulukire wa kabaza wa njinga yamoto kapena wina wochokera ku Joni ndi foni yatachi, mukuganiza kuti asankha chani? Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 pa 100 aliwonse anakwatiwa asanafike zaka 18. Sindikunena kuti onsewo ndi chifukwa cha nkhuni, umphawi ulipo, miyambo ilipo, kutalika kwa sukulu kulipo, koma maola omwe mtsikana amataya tsiku ndi tsiku ali m'kati mwa nambala imeneyo. Ndiye pali utsi wa m'khitchini uja, maso kufiira, chifuwa chosatha, ndi chibayo kwa khanda lomwe laberekedwa kumbuyo mayi akukoleza moto.

Pali kamasewero kena komwe timachita m'makalabu. Timawagawa pawiri, anyamata uko atsikana uko, gulu lililonse lijambule pansi ndi kamtengo tsiku lawo lonse kuyambira kudzuka mpaka kugona, ntchito iliyonse aikepo kamwala. Pa kalabu ina anyamata anamaliza msanga nkuyamba kucheza, atsikana anali akutolabe timiyala kuseri kwa tchalitchi poti tomwe anali nato tinatha. Titayika mizere iwiri ija pamodzi panali kuseka kaye, kenako zii, ndiye mnyamata wina, yemwe anali katswiri potchula zolinga 17 zija mwa dongosolo, anangoti "koma alangizi, ndikasenza mtolo pamutu anzanga andiseka kuti andidyetsa." Mtsikana wina anamuyankha pompo kuti "nanga njinga uli nayo ija ndi ya chani?" Ine sindinawonjezerepo kanthu. M'zolinga zomwe amaloweza zija, pansi pa nambala 5 pali mfundo yonena za ntchito zapakhomo zosalipidwa, kuti zizindikiridwe ndipo banja lizigawana, koma mfundo imeneyo simumaimva m'ndakatulo za pa tsiku la mwambo.

Anyamatanso nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri, mwina kuposa momwe amaganizira. Amene mumawaona akukankha njinga ya matumba a makala kuchokera cha ku Neno ndi Mwanza kulowera ku Blantyre, kapena kuchokera ku Dzalanyama kulowa mu Lilongwe, ambiri ndi anyamata osiya sukulu. Ku Dzalanyama zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali, chifukwa kumeneko nkomwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe mzinda wonse umamwa. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwanso mu 2020, zilango zinakwera. Koma ine sindikonda kuwatenga anyamatawa ngati asatana, ogula ndi ife tomwe a m'tauni, ena ndi omwe timayankhula bwino m'mawekishopu aja. Chopweteka ndi choti uvuni wokwirira ndi dothi uja umawononga, pa kulemera kwa mitengo yomwe yalowa makala otuluka kawirikawiri safika ndi kota yomwe, yotsalayo yapita ndi utsi, ndipo amasankha mitengo yachilengedwe yolimba ngati tsamba ndi muwanga yomwe imatenga zaka zambiri kuti ikule. Dothi la m'mapiri ambiri ometedwa a kumwera limakathera mu Shire, komwe kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, matope akachuluka makina opangira magetsi amavutika, magetsi akazima wa m'tauni uja agulanso thumba lina la makala, basi zimangozungulira choncho. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula Kapichira tinataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo za namondwe Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika phiri la Soche kugwera nyumba za ku Chilobwe, palibe amene akufunika kukumbutsidwa.

Kuti achinyamata akhoza kusuntha zinthu umboni ulipo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndiye mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakuluwo nkutseka mpata umenewo. Atsikana ngati Memory Banda anayamba kulimbana ndi nkhaniyi ali achichepere, ndipo mafumu ngati a Kachindamoto ku Dedza anathetsa maukwati a ana ambirimbiri nkuwabweza kusukulu. Zinatheka chifukwa panali chinthu chimodzi chooneka chomwe amafuna, osati kungoti tikufuna jenda. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, ma mother group, magulu a amayi othandiza atsikana kuti asasiye sukulu, akuyesetsa, koma mtsikana wobwererayo akapeza mtolo wa nkhuni ukumudikira momwe unalili, kuwonjezapo mwana, sakhalitsa.

Tsono za mitengo, apa ndiye pagona ntchito yanga. Nyengo yodzala mitengo ya dziko lonse imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo achinyamata amabwera ambiri, zithunzi pa Facebook mbwee. Bwererani pamalo pomwepo mu Ogasiti. Mbuzi zadya, chiswe chadya, yotsalayo yapsa ndi moto wa osaka mbewa, omwenso ndi anyamata athu omwewa. Kudzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, ntchito yeniyeni ndi kupalira, kutchinga ndi minga, kulambula njira yotchinga moto mvula ikangotha udzu usanaumitsitse, ndipo zimenezi zilibe kamera. Ku nazale nakonso muone bwino, wothirira machubu m'mawa ndi madzulo ndi ndani, ndipo wopita ku boma kukaphunzira za nazale komwe kuli alawansi ndi ndani. M'makomiti ambiri omwe ndawaona wapampando ndi mnyamata, mtsikana amapatsidwa usungichuma poti eti akazi saba, kapena ulembi poti amalemba mooneka bwino. Papepala 60:40 ija yakwana, imene inabwera ndi lamulo la jenda la 2013 lonena kuti polemba anthu ntchito m'boma mbali imodzi, kaya ya amuna kaya ya akazi, isapitirire 60 pa 100 ndipo inayo isachepere 40, koma wolankhula ndi wopanga chiganizo ndi yemwe uja.

Ine ndikamalangiza kalabu yomwe ilibe ndalama, ndipo ambiri alibe, ndimawauza kuti ayambe ndi zitsa zomwe zili kale m'munda ndi m'mbali mwa phiri. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chili ndi mizu yakuya kale, chimaphukira chokha chaka ndi chaka koma timachisadza polima. Musiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo mudule, muziteteza ku moto ndi ziweto, muzitengulira nthambi zam'munsi, pakatha zaka zochepa nthambi zotengulirazo ndi nkhuni pafupi ndi nyumba, osagula chubu ngakhale chimodzi, osathirira. Nsangu mukaupeza m'munda musaudule, umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndiye suphimba chimanga, umangothira chonde. Nandolo naye ndi wabwino pawiri, ndiwo mwadya kapena mwagulitsa, mitengo yake mwaphikira. Ndiye pali chitetezo mbaula, ya dothi ija yomwe magulu a amayi amaumba ndi kuwotcha okha, imadya nkhuni zochepa kuyerekeza ndi mafuwa atatu chifukwa moto sumwazika ndi mphepo, tinthambi ndi zitsononkho zimakwana kuphikira. Boma linadziikira cholinga cha mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020. Koma ndaona mbaula zina zitasanduka pogona nkhuku chifukwa anangogawa osafunsa wophikayo kuti mphika wake wa nsima ya anthu 9 ukhalapo bwanji, ndiye musanabweretse chilichonse chokhudza khitchini funsani kaye mwini khitchini.

Nkhani ina yomwe achinyamata sakonda kuyikhudza poti ndi ya akuluakulu ndi ya malo. Mtengo ndi chinthu cha zaka zambiri, munthu sadzala pomwe sakudziwa ngati adzakhalepo. Kumadera a chikamwini mkamwini amazengereza kudzala mitengo kwa mkazi wake, amati banja likatha ndidzaisiya, pomwe kumadera a chitengwa ndi a lobola mayi ndi amene alibe mawu pa munda womwe amalima tsiku ndi tsiku, mwamuna akamwalira amakhala ndi nkhawa ndi achibale. Mwaona kuti apa jenda ikuluma mbali zonse. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa atatu kapena kuposerapo akuyenera kukhala amayi. Wachinyamata yemwe akufuna nkhalango ya kalabu ayambe wakhala pansi ndi amfumu, malire adziwike, zilembedwe kuti mitengoyo ikakula wodula ndi wogawa ndi ndani, apo ayi mudzasamalira zaka 7 kenako mphwake wa amfumu nkudzagulitsa kwa owotcha njerwa.

Kanthu kena kakang'ono koma kamasintha zambiri ndi nthawi ya misonkhano. Makalabu ambiri amakumana cha m'ma 4 koloko madzulo poti dzuwa lapepa ndipo anyamata ali omasuka, koma imeneyo ndi nthawi yomwe mtsikana ali ku mjigo kapena akusaka ndiwo, ndiye akapanda kubwera timalemba mu lipoti kuti atsikana alibe chidwi. Kalabu ina titaisuntha kupita Loweruka masana nkhomaliro itatha, ndi kugwirizana ndi makolo kuti tsiku limenelo madzi atunge ndi anyamata pa njinga, atsikana anayamba kuchuluka kuposa anyamata, ndipo pa chisankho chotsatira mpando anautenga ndi mtsikana wa fomu 3 yemwe poyamba tonse tinkamuyesa wamanyazi.