Dambo si malo ongotayika ayi

Anthu ambiri kuno ku Chipata amati dambo ndi matope ndi udzudzu basi, ndiye bola kukumba ngalande madzi achoke tilime repu ndi tomato mpaka m'mphepete. Komatu matope mukuwaonawo ambiri ake ndi dothi lochokera m'minda yathu yakumtunda. Mvula ikagwa madzi ofiira aja amatsika ndi liwiro, akalowa mu bango ndi mlulu mphamvu imatha, dothi limakhazikika pansi, ndipo fosifolasi wa mu feteleza wa D compound amatsalira pomwepo poti iyeyu amamatirira ku dothi.

Za nayitrojeni wa mu feteleza wa yuriya ndiye zodabwitsa. Wina mizu imamwa, wina tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'matope mopanda okosijeni timamusandutsa mpweya n'kuuluka. Ngalande yowongoka imalambalala zonsezi, madzi amangodutsa ndi feteleza yemwe mpaka mu mtsinje wa Lutembwe, kenako ndere zobiriwira ndi damu lodzaza matope.

Dimba limani, palibe akukuletsani, koma siyani bango pakati pomwe madzi amayenda ndipo musalitenthe mu Okutobala.