Ayi, boma la America silinatsimikize zoti munthu angaone za kutali ndi maganizo

Uthenga uwu umangobwerabwera m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Umati asayansi a boma anafufuza mobisa n'kupeza umboni woti munthu angaone zochitika kutali ali chikhalire m'chipinda, ndipo zikalata zake "zaululika tsopano". Nthawi zambiri pamakhala chithunzi cha pepala lakale la chidindo, mizere ina itafutidwa ndi inki yakuda.

Kafukufukuyo analipodi. America inayamba kuikapo ndalama m'zaka za m'ma 1970, poopa kuti Soviet Union yatsogola pa zoterezi. Ntchitoyi inachitikira ku Stanford Research Institute ku California komanso kwa asilikali ku Fort Meade, ndipo pomalizira inkatchedwa Stargate. Munthu ankamupatsa manambala a malo kapena envelopu yomata, n'kumuuza kuti ajambule zimene zikumubwerera m'mutu.

Chimene uthengawu sunena ndi mathero ake. Mu 1995 CIA, nthambi ya ukazitape ya boma la America, inapempha bungwe la American Institutes for Research kuti liunike ntchitoyi. Akatswiri awiri anasiyana maganizo pa zotsatira za m'labu, koma lipoti linati zimene anthu oyesedwawo ankanena zinali zosalunjika ndipo sizinathandizepo pa ukazitape. Anaitseka chaka chomwecho, itadya madola pafupifupi 20 miliyoni.

Zikalatazi si zachinsinsinso, CIA inaziika pa intaneti mu 2017. Lembani "Stargate" pa tsamba lawo, muone deti la pepalalo, ndiponso ngati ndi lipoti lounika kapena zongolemba zimene munthu wina ankaganiza. Chidindo chimangosonyeza kuti pepalalo linasungidwa ndi boma, osati kuti zolembedwazo n'zoona.

Chonde, musatumizenso uthengawu. Ukafika m'gulu lanu, auzeni anzanu za lipoti la 1995.